Ndinasaina Zomwe Sindinayese

Inu owerenga, ine ntchito inandithera chifukwa cha siginecha yanga yomwe. Palibe anandilodza kapena kundichitira kaduka. Ndinali chitsiru chovala tayi basi.

Ndinkagwira ntchito ya makompyuta pa koleji ina yomwe si yaboma, chakufupi ndi Ginnery Corner. Magiredi onse a ophunzira ankasungidwa mu seva, chikompyuta chachikulu chomwe chinkakhala m'kachipinda kozizira kuseri kwa ofesi yathu. Tsiku lililonse sevayo inkakopera zonse pa disiki ina kuti ikadzafa tidzakhale ndi pogwira. Zokoperazo timati bakapu.

Mu ofesimo ndinapeza mayi ena achikulire ochokera ku Nsanje, omwe anayamba ntchito nthawi ya mataipi, makompyuta asanabwere. Iwo ndiwo anaika lamulo lakuti Lachisanu lililonse, komanso pulogalamu ikangosinthidwa, munthu azitsegula bakapu pa kompyuta yoyeserera, asankhe ophunzira atatu, aone ngati magiredi awo akutulukadi. Akatero alembe m'buku lakuda la hadikava tsiku, mayina atatuwo ndi chomwe waona, kenako asaine.

Ine bukulo linkandinyansa. Munthu wa digiri kumalemba ndi bolopeni ngati kalaliki wa pachigayo? Mayiwo ndinawapatsa dzina loti a Hadikava, ndipo anzanga ankaseka mpaka misozi. Sindinalekere pomwepo. Ndinakauza bwana wamkulu kuti mayiwa ndi achikale, akutichedwetsa. Bwanayo anali munthu woti ukangomuthira Chingerezi chambiri amagwedeza mutu ngakhale asakumva kanthu. Anawasamutsira ku laibulale, koma anati bukulo lipitirire chifukwa alendo oyendera sukulu amakonda kuliona.

Pondipatsa bukulo mayiwo anati, "Achimwene, seva imanama. Musamasaine musanaone ndi maso anu." Ndinathokoza mwaulemu, mumtima ndikuti pitani mukapukute fumbi.

Kuyambira pamenepo, Lachisanu ndinkangosuzumira pa sikirini. Ndikaona kachizindikiro kobiriwira kosonyeza kuti bakapu yatheka, ndinkatola mayina atatu pa mndandanda wa kalasi iliyonse, n'kulemba kuti zonse zili bwino, n'kusaina, ulendo wothamangira minibasi ya ku Chirimba. Ntchito ya ola lathunthu ndinkaimaliza tiyi asanazizire, ndipo ndinkadziona ngati dolo.

Pakati pa chaka tinaika pulogalamu yatsopano ya magiredi. Chomwe sindinadziwe n'chakuti inkasunga zinthu malo ena mu sevamo, pomwe bakapu inkakoperabe malo akale. Kachizindikiro kaja kankabiriwirabe, poti kukopera kunkachitikadi, koma kukopera zakale zokhazokha. Ndikanatsegula kamodzi kokha ndikanazigwira. Ine ndinasaina.

Nyengo ya mvula, kutatsala masabata ochepa kuti omaliza maphunziro alandire masatifiketi, magetsi anaphethira masana ndipo seva sinadzukenso. Ndinauza bwana kuti asadandaule, bakapu ilipo. Ndinaitsegula. Magiredi anathera pa tsiku lomwe tinasintha pulogalamu. Materemu awiri athunthu kunalibe.

Pa msonkhano wa akuluakulu ndinalimba pakamwa. Ndinati ndinkayesa sabata iliyonse, umboni uli m'buku, vuto ndi disiki. Bwana anayamba kugwedeza mutu monga mwa nthawi zonse, koma mphunzitsi wina anati aitane mayi aja ku laibulale.

Anabwera, navala magalasi, n'kuyamba kutsegula masamba anga mosapupuluma. Anaika chala pa dzina la mtsikana wina amene anayamba sukulu pulogalamu itasinthidwa kale. Pambali pake ndinali nditalemba ndi dzanja langa kuti magiredi ake atuluka bwino.

"Achimwene, tatsegulani bakapu mutionetse mwanayu," anatero.

Ndinatsegula anthu onse akuona. Mtsikanayo munalibemo, ngakhale dzina lake. Mayiwo anatseka buku, n'kupempha kuti abwerere ku ntchito yawo.

Mwambo wa masatifiketi unaimitsidwa, aphunzitsi n'kumafukula mapepala a mayeso m'makatoni, makolo akutukwana pa geti. Ine kalata yondichotsa ntchito inatuluka sabata yomweyo. A makompyuta mu Blantyre muno timadziwana tonse, moti kulikonse komwe ndapempha ntchito nkhani yanga imakhala itafika kale. Panopa ndimakonza mafoni pakhonde la sitolo ya mmwenye wina ku Limbe.

Inu achinyamata a m'maofesi, amene mumayenda ndi laputopu kumsana n'kumaona akuluakulu ngati zitsiru, ndikukudziwani bwino chifukwa ndinali mmodzi wa inu. Chomwe simunatsegule musalembe kuti mwayesa. Ngati nthawi yakuthawani, siyani mzerewo wopanda kanthu, akukalipireni Lolemba. Ndipo munthu amene akuumirira kaundula musamuseke musanafunse chomwe anaona.

Mayi aja anawabwezera mu ofesi, ndipo buku lija likugwirabe ntchito. Masamba anga sanawang'ambe. Ndamva kuti aliyense wolembedwa kumene ntchito amayamba waonetsedwa masamba amenewo, dzina langa lili pansi pa mzere uliwonse.