Msomali wa mu Firiji ya Ababa

Ndikukumbukira tsiku lomwe ndinadandaula koyamba za nkhaniyi. Linali Lolemba, mwezi wa Okutobala, ndili mu Sitandade 5 kwathu ku Ndunde. Dandaulolo ndinalilemba kawiri pa mapepala othothola m'kope la masamu. Lina ndinapereka kwa achimwene anga a Wedisoni, lina ndinasunga. Langalo lilipobe m'chitini cha mabisiketi, pamodzi ndi makalata ena asanu ndi anayi omwe ndinkayamba ndakopera ndisanawatumizire. Yankho palibe ngakhale limodzi.

Firiji ija ababa anabwera nayo kuchokera ku Joni. Inali ya palafini, yoyera, yolemera ngati ng'ombe, ndipo m'mudzi monse inalipo yokhayo. Kunsi kwake kunkayaka kamoto kabuluu, ndipo ife ana sitinkamvetsa kuti moto ungabale bwanji kuzizira. Vuto lake linali ayezi. M'kachipinda kapamwamba koumitsira nyama, ayeziwo ankakula ngati chulu mpaka kachitseko kukana kutsekeka. Alendo ankayamikira kuti firiji ndi yamphamvu, koma ababa ankapukusa mutu, ankati amenewo ndi matenda. Zikafika pamenepo madzi ankadontha, kudutsa kunsi kwa chitseko, n'kufewetsa pansi pomwe amayi anazira, nyumba yonse n'kumanunkha dothi lonyowa.

Ababa anali ndi lamulo lawo. Loweruka lomaliza la mwezi ankazimitsa moto, kutsegula zitseko, kuika mbale ya madzi otentha m'kati, kenako n'kukhala pansi kudikira. Ayezi ankagwa okha m'beseni. Kabowo kotulukira madzi, komwe kankakonda kutsekeka ndi nyenyeswa, ankakatokosa ndi udzu wa tsekera. Mphira wa pachitseko ankaupukuta ndi kansalu konyowa. "Chitsulo chisalowe umu," ankatero. "Chimenechi chimafuna kuleza mtima."

Loweruka lina ababa anapita kumaliro kwa Likoswe, ntchitoyo n'kusiyira achimwene. Koma masana amenewo kunali mpira, ndipo a Wedisoni anali goloboyi. Ayezi ankasungunuka mochedwa. Ndinawaona ndi maso angawa akutenga msomali wautali ndi mwala wonolera mipeni, n'kuyamba kukhoma ayeziwo. Go! Go! Kachitatu panamveka kulira ngati kwa njoka, tsiii, kenako fungo loboola mphuno, loposa la khola la mbuzi, mpaka misozi kutuluka.

"Mphwanga, tapukuta madziwa, ndikubwera pompano," anatero, n'kuthamangira kubwalo.

Ndinapukutadi. Ababa anandipeza nditagwada ndi chiguduli, maso ali psuu, msomali uli pambali pa bondo langa. Sanandimenye. Bola akanandimenya. Anayang'ana pomwe panabooka paja nthawi yaitali, kenako n'kuyang'ana ine.

"Enoki, manja akowa ndi owononga."

"Si ine, ababa."

"Ndiye msomaliwu wayenda wokha?"

A Wedisoni anafika dzuwa litapendeka, akuimba mluzu poti anagwira penate. Atafunsidwa anangoti, "Ine ndinamusiya akupukuta." Sananame, koma zoona sananene.

Ababa anayesa zonse. Anamata bowolo ndi sopo, kenako ndi phula. Anaitana amuna anayi kudzaigadabuza, miyendo m'mwamba tsiku lathunthu, monga ankachitira anthu firiji ya palafini ikakomoka. Kamoto kanayaka bwinobwino, koma kuzizira kunali kutapita ndi fungo lija. Firiji inasanduka nkhokwe ya mbewu ya nandolo, poti makoswe sankatha kuiboola.

Kuyambira pamenepo ababa sanandilolenso kugwira wailesi yawo, njinga yawo, ngakhale lumo lawo. Zonse ankapatsa a Wedisoni. Ndinakula, ndinagwira ntchito ya ukalaliki zaka zambiri osataya pepala ngakhale limodzi, koma ndikapita kumudzi ababa ankasunthabe kapu yawo ndikakhala nayo pafupi. Akudwala komaliza ndinafuna kuwamwetsa madzi. Anati, "Apatse achimwene ako, ungataye." Anamwalira akukhulupirira zomwezo.

Lero mafiriji ambiri amasungunula okha ayezi, ndipo ikavuta anthu amangoitana wokonza. Mdzukulu wanga amaseka ndikamuletsa kugogoda ayezi ndi supuni, amati agogo mantha achani. Sadziwa kuti ine ndakalamba ndikugwadabe pa chiguduli chija.

Amayi anapita. Amuna anayi aja anapita. Odziwa nkhaniyi tatsala awiri, ndipo a Wedisoni maso ayamba kuchita mdima. Ndamva kuti makalata anga adzukulu awo amayatsira mbaula. N'chifukwa chake ndalemba poyera.

Achimwene, ndikupempha mwaulemu kuti muyankhe dandaulo langa la Lolemba lija. Ngati kulemba kwavuta, nenani pakamwa, mdzukulu alembe, inu mudinde chala. Mzere umodzi ukwanira: anagwira msomali ndani? Ndikufuna ndikauwerenge pamanda a ababa miyendo isanandikanike.