Oyilo wa m'pampu adandidula zala

Ndidafufuza pomwe payipi imadontha ndi dzanja langa injini ikulira, ndipo lero dzanja lamanja ndilo lopereweza zala ziwiri. Inu owerenga, makamaka anzanga oyendetsa makina, ndimvereni.

Ndimayendetsa makina okumba ngalande pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Mvula itakokolola mchenga ndi miyala kuchokera m'phiri, adandituma kukatsegula ngalande. Ndili mkati mwa ntchito, mkono wa makinawo udayamba kufooka, oyilo akudontha. Ndidatsika osazimitsa injini, n'kumasisita payipi kuti ndipeze poboola. Ndidangomva ngati njuchi yandiluma pachala. Kabala kake kadali kovuta n'kukaona komwe, choncho ndidamangapo kansanza n'kupitiriza.

Madzulo mayi a kunyumba adati, "Bambo, tiyeni ku Boma akakuoneni." Ndidakana, ndimvekere munthu sapita kuchipatala ndi kabala kotere. Kutacha, dzanja lidali litatupa ngati phava la nthochi zakupsa, ululu ukufika m'khwapa. Tidathamangira kuchipatala, ndipo adokotala atang'amba adapeza oyilo atayenda mpaka pachikhatho, mnofu utayamba kufa. Zala ziwiri sizidapulumuke.

Nditachira ndidapita kwa a Namaona, makanika wathu wamkulu, kuti andiuze chomwe chidandilasa. Adamasula pampu yakufa yopopa oyilo m'makina otere ine ndikuona. Mkati muli chitsulo chonga chitini, chokhala ndi mabowo mozungulira, ndipo m'bowo lililonse mwagona pisitoni, kachitsulo kolowa ndi kutuluka, motsata shafiti, chitsulo chachitali chapakati. Mapazi a mapisitoniwo amaponda pa mbale yachitsulo yopendekeka. Injini ikamazunguza chitinicho, pisitoni ikafika kotsika kwa mbale imatuluka n'kuyamwa oyilo, ikafika kokwera imalowa n'kumukankhira m'payipi. Mbale ikapendekeka kwambiri, oyilo amachulukanso.

"Mphamvu yonyamula miyala ija ndi yomweyi," adatero a Namaona. "Ikapeza kabowo imatuluka ngati singano. Khungu lanu lingaletse?"

Ena adati ndikapemphe ntchito yaulonda. Ndidakana. Ndidadziphunzitsa kugwira zowongolera ndi zala zitatu zotsalazi, ndipo ndidabwerera pa makina omwewo.

Inu owerenga, payipi ikamadontha tsitsani mkono wa makina pansi, zimitsani injini, tulutsani mphamvu yotsalira m'mapayipi. Poboola muzipafufuza ndi chidutswa cha katoni, osati dzanja. Oyilo akakubayani, ngakhale pasatuluke magazi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, mukanene kuti ndi oyilo wa makina. Ine ndidadikira kuti kuche.