Bodza la Anamzeze

Dzulo, ndikudikira minibasi pa Katete, ndinaona anamzeze atandandalika pa waya wa magetsi, ndipo ndinayamba kuseka ndekha.

Nthawi ya Chitaganya tinkakhala kufupi ndi Sinda. Atate anali atangobwera kuchokera ku migodi, khasu atalisowa zaka zambiri. Tsiku lina anamzeze anadzaza mlengalenga, ine n'kuthamangira kunyumba ndikukuwa kuti, "Mbalame zamvula zafika!" Atate pomwepo anatulutsa thumba la mbewu ya mtedza kuti akadzale.

"Dikirani adokowe, aPhiri," anatero amayi. Atate sanamve. Amayi anatapa theka la mbewuyo n'kubisa mumtsuko.

Dzuwa linaswa mtengo masabata atatu. Dothi linkaotcha mapazi, mbewu ya atate n'kupsera pansi. Ine ndinkagenda anamzeze ndi zibuma: "Abodza inu!"

Kenako adokowe akuda, oyera kumimba, anatera m'dambo n'kumatola ziwala. Mawa lake mvula inakhuthuka, mudzi wonse n'kununkhira dothi lonyowa. Amayi anatulutsa mtsuko uja. Atate anasuzumiramo, n'kuseka mpaka misozi: "Mkazi uyu!" Chaka chimenecho tinadya chiponde.

Ndinadzadziwa nditakula kuti anamzeze amathawa chisanu cha ku Ulaya nthawi yawo ikakwana, za mvula yathu alibe nazo ntchito, pomwe adokowe ndi a mu Afirika mommuno, amalondola mvula kumene ikugwa. Anamzeze aja sanalonjeze munthu kanthu. Wabodza uja ndinali ine.