Anandipeza Ndikugulitsa Kachewere pa Linthipe

Inu owerenga, ine ndinathawa pa koleji ya aphunzitsi osatsanzika munthu, ndipo uphunzitsi ukanandipita chifukwa cha manyazi.

Ndinali m'chaka chomaliza pomwe ndinazindikira kuti ndine woyembekezera. Mwamuna ndinali naye, wocheka matabwa m'Phiri la Dedza, koma lamulo la pakoleji linali loti mayi wa khanda sagona ku hositelo. Ku ofesi sindinapondeko kukadandaula. Ndinangolongedza n'kubwerera kumudzi, kenako n'kuyamba kugulitsa kachewere pa Linthipe. Ana a sukulu akamadutsa, mtima unkandiwawa, ndinkangoyang'ana kumbali.

Tsiku lina lozizira galimoto inaima pafupi ndi milu yanga. Munatuluka aphunzitsi athu akale ndi mayi wina wachilendo. Aphunzitsiwo anandifotokozera kuti koleji yapempha kuyesedwa ndi bungwe lakunja kuti satifiketi yake izilemekezedwa ngakhale m'mayiko ena. Mayiyo anali mmodzi wa oyesawo. Koma oyesawo anakana kumva kwa okhoza okhaokha, ankafunanso ife osiyira panjira.

Aphunzitsi aja anandiyang'ana ndi maso opempha kuti ndisawayalutse. Koma dzuwa ndi fumbi la pamsika zinali zitanditha manyazi. Mwana ali kumsana, ndinati: "Amayi, ine mutu unkagwira bwinobwino. Chinandichotsa ndi ichi ndaberekachi. Kodi wophunzira kulera ana a eni azichoka chifukwa cha mwana wake?"

Atachoka ndinagwidwa mantha kuti ndaiphera koleji mwayi, anzanga adzanditukwana. Sizinatero ayi. Oyesa aja anauza akuluakulu kuti chivomerezo chidzabwera akakonza za amayi oyamwitsa. Anatsegula chipinda cha amayi ndi makanda, ndipo woyamba kuitanidwa ndinali ine. Koleji inavomerezedwa, ine ndinakhoza, lero ndikuphunzitsa ku Lobi. Tsiku lolandira satifiketi apongozi anga analuluta mpaka mawu kusasa.

Chondiwawa n'chimodzi. Chaka chimenecho tinathawa awiri. Mnzangayo anamufunafuna osamupeza, akuti anakwatiwa kutsidya ku Mozambique, ndipo mpaka lero sadziwa kuti malo ake akumudikira.

Inu atsikana ndi amayi a m'makoleji, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Zikakuvutani pitani mukalankhule, musathawe mwakachetechete ngati ine. Ndipo ngati mukuchokabe, siyani mawu a komwe mukupita, kuti zinthu zikadzasintha adzadziwe kokakupezani.