Chiwawu Chinapita ku Ulaya, Ine Ndinatsala

Kwathu ku Ntengo-Wambalame timalima kachewere, ndipo aliyense amadziwa tsoka lake. Mvula ikamagwa mosalekeza, masamba amayamba madontho akuda, kenako munda wonse umapsa ngati wathiridwa madzi otentha. Matendawa timawatcha chiwawu. Nditayamba dotoramento, digiri yapamwamba kwambiri ya ku univerisidade, ndinasankha kufufuza chiwawucho, poti ndinakula ndikuona abambo akuyenda m'mizere yofota, manja ali kumbuyo.

Dzinja lililonse ndinkabwera kudzatola masamba odwala. Ndinayenda m'minda ya ku Tsangano, mpaka ndinafika ku Chidzolomondo kumene shapa, minibasi yathu, imangokutula pamsewu, kwatsalako n'kuyenda wapansi. Masambawo ndinkathamangira nawo mumzinda, kumene kuli univerisidade, asanaole. Ku laboratoriyo ndinkadula kachidutswa ka tsamba n'kukaika m'kambale kagalasi kuti chuku cha matendawo chimere chokha. Ntchito yake ndi yowawa. Ukapumira pafupi, kambale kamagwidwa ndi chuku china, basi n'kutaya. Magetsi akathima nthawi yaitali jelera yosungiramo timbale mozizira imatentha, za miyezi yambiri n'kufa. Masiku ena ndinkafika kunyumba ndikununkha mankhwala moti mwana wanga wamkazi, yemwe anali asanayambe sukulu, ankakana kuti ndimunyamule.

Patapita zaka, purofesori amene ankandiyang'anira anandiuza kuti laboratoriyo ina ya ku Ulaya yavomera kulandira munthu mmodzi wa kwathu kwa miyezi ingapo. Kumeneko kuli makina otha kuzindikira mtundu weniweni wa chiwawu, zimene ife sitikanatha. Anati wopita ndine, chifukwa timbale tonse tinali ntchito ya manja anga.

Ndinatenga pasaporti, visto yondilola kulowa m'dzikolo nayo inatuluka. Chingelezi ndinkachiloweza m'shapa, milomo ikungogwedera ngati wopemphera. Mng'ono wanga anavomera kudzakhala kwathu kuti azithandiza amuna anga kulera mwana. Kenako ndinapita kumudzi kukatsanzika. Lamulungu abusa anandiimika kutsogolo, mpingo wonse n'kundipempherera. Tikubwerera kunyumba, abambo, amene nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi atasenza mphasa, anaima panjira n'kunena kuti: "M'banja lino malire tinkawoloka pothawa basi. Iwe ukuwoloka atachita kukuitana."

Nditabwerera mumzinda purofesori anandiitanira mu ofesi yawo. Anandipatsa mpando, zimene sankachita kawirikawiri, n'kuyamba kulankhula Chipwitikizi chofewa. Anati aganiza mofatsa ngati kholo, ndipo aona kuti si bwino mayi kusiya mwana wamng'ono miyezi yonseyo. M'malo mwanga anasankha mnyamata wina amene anali atangoyamba kumene maphunzirowo, mwana wa mnzawo wakale. Ndinawauza kuti za mwana tinakonza kale, amuna anga anavomera, visto ili m'chikwama.

"Mwana wanga, panopa mukuwawidwa mtima, koma mudzandithokoza," anatero. Kenako anandipempha kuti masabata otsalawo ndimuphunzitse mnzangayo kasamalidwe ka chuku.

Amuna anga anati ndikadandaule kwa akuluakulu a sukulu. Koma amene akanaweruza ntchito yanga pomaliza anali purofesori omwewo ndi anzawo. Choncho sindinakadandaule.

Mnyamatayo ndinamuphunzitsadi. Sanali munthu woipa, ndipo zimenezi zinkandipweteka kwambiri, poti ndinkasowa pomudera. Ankalephera kundiyang'ana m'maso. Ngakhale dzina la Chidzolomondo linkamukanika kutchula. Tsiku loti anyamuke ndinalongedza ndekha timabotolo m'bokosi lozizira, ndinalimata, ndinalinyamula mpaka pagalimoto. Anathokoza motsitsa mawu kuti obrigadu, galimoto n'kunyamuka.

Amayi ndinawauza pafoni. Anati ndiyambe ndakhala kaye mumzinda momwemo, chifukwa anthu onse akudziwa kuti ndili kunja ndipo iwo sakudziwa kuti akawauza chiyani. Choncho miyezi imene ndikanakhala ku Ulaya ndinaithera m'laboratoriyo yomweyo, ndikubisalira anthu akwathu ngati ndalakwa. Azakhali anamwalira nthawi imeneyo, maliro awo sindinapite. Mnyamata uja ankanditumizira mauthenga pafoni kufunsa chochita chuku chikakana kumera, ndipo ndinkamuyankha. Chuku china mwa chimenecho chinachokera m'minda ya anthu amene anandipatsa madzi akumwa, sindikanalola kuti chife.

Zotsatira zitasindikizidwa, dzina lake linali loyamba, la purofesori lomaliza, langa pakati pa anthu a ku Ulaya amene sindinawaonepo. Dotoramento ndinamaliza mochedwa, ndi mutu wina wocheperako.

Kumudzi ndinapita nthawi ya Khirisimasi. Abambo sanandifunse kanthu, anangondigwira dzanja nthawi yaitali. Titatuluka m'tchalitchi, mayi wina wachikulire amene anatsogolera nyimbo tsiku londipempherera anandikumbatira n'kufunsa kuti kwa azungu n'kotani. Ndisanatsegule pakamwa amayi anandiyankhira.

"Akuti n'kozizira ngati kuno komwe," anatero, n'kundikoka dzanja kuti tizipita.