Bambo Chirinos, Woyesa Simenti

Ndinayamba kuwazindikira Bambo Hermágoras Chirinos m'mawa wina ndikusefa khofi pa kansalu, pa kanyumba kanga ka zakudya padoko la Cabimas. Anzawo ankadikira arepa, zitumbuwa zathu za ufa wa chimanga, pa chiwaya. Iwo maso anali pa madontho a khofi, kenako pa wotchi.

"Taonani, Madontho wayambanso!" anakuwa Ovidio, woyendetsa boti la antchito. "Akulu, ameneyo ndi khofi, si simenti. Imwani tizipita."

Anangomwetulira pang'ono.

Kwa zaka makumi atatu ankayesa simenti yothira m'zitsime za mafuta za panyanja. Ankaisakaniza ndi ufa woyera woletsa madzi ake kuthawira m'miyala ya pansi. Madzi akathawa, simenti imasiya mipata, gasi n'kupeza njira yokwerera. Choncho isanapopedwe, ankaifinya m'kachitini kachitsulo kwa mphindi makumi atatu, n'kuona madzi odonthera m'kagalasi.

Zonsezi anandiuza okha, pang'onopang'ono, ine osafunsa. Kufunsa anthu sindikutha. Mwamuna wanga Nerio atapsa n'kumwalira pachitsime cha mafuta, akampani anati inali ngozi, ine ndinangogwedeza mutu. Koma padoko ankanong'ona kuti anapita kuntchito ataledzera, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinkalephera kuyang'ana chithunzi chake osamufunsa mumtima.

Bambo Chirinos ankabwera tsiku lililonse, koma dzina la Nerio sankalitchula. Wina akalitchula, ankasiya arepa yawo yoluma kamodzi.

Lachisanu lawo lomaliza asanapume pantchito, anadikira kuti anzawo onse akwere boti.

"Mayi Ledys, amuna anu sanamwe tsiku lija."

Manja anga anali mu ufa wokanda. Sindinawatulutse.

"Matumba a ufa woyera uja anavumbwa padoko, ufa unachita mibulu. Nditayesa, kagalasi kanadzaza mphindi khumi zisanakwane. Bwana anati nthawi yatha. Ndinasaina, tinapopa."

Boti linaliza hutala.

"Madontho!" anakuwanso Ovidio. "Mukufunsira mbeta kapena? Tikusiyani!"

Bambo Chirinos sanacheuke. Anavala chipewa chawo cholimba.

"Patapita masiku awiri ndinakumana ndi amuna anu pamakwerero, akupita kukatsegula chitsimecho. Anandigwira paphewa, akuseka, n'kundifunsa kuti, 'Achimwene, simenti yanu ija yagwira?' Mayi, ine ndinawayankha kuti, 'Pitani, yagwira.'"