Ndodo ya Kaltuun

Kaltuun anayamba sukulu mochedwa, mbuzi za bambo ake zitatha ndi chilala. Mwina n'chifukwa chake ankakhulupirira mabuku mopyola muyeso. Ku sukulu ya uphunzitsi ku Baidoa analoweza buku lonse la kakulidwe ka mwana: miyezi yokwawira, zaka zogwetsa mano, msinkhu wa chaka chilichonse. Lonse? Ndanama, analoweza mpaka pamene anafika, pakati.

Atamutumiza kukayeserera ntchito kumsasa wa othawa chilala, anapeza malo makumi anayi okha m'kalasi, ana mazanamazana, opanda ndi chikalata cha kubadwa chomwe. Basi anadula ndodo ya msinkhu wa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Wosafika pamenepo, kwawo!

Kunabwera mayi wina, Habiibo, atagwira kamtsikana kotchedwa Deeqa. Ndodo inakaposa ndi zala ziwiri.

"Aphunzitsi, Wallahi, mwanayu waona mvula ya gu kakhumi ndi kamodzi," anatero Habiibo, pakuti kumudzi zaka amawerenga ndi mvula imeneyo.

"Kameneka? Mayi, opani Mulungu."

"Tamuonani mano, mwanangu."

"Ndi ngamila kodi, kuti ndimuone mano? Abwere akakula."

Amayi a pamzere anaseka. Habiibo anangokonza mpango wa mwanayo n'kutembenuka.

Kaltuun atabwerera kusukulu ya uphunzitsi, anafika pa mutu wa njala m'buku lija: kuti mwana wokulira m'chilala amapinimbira, thupi limaima koma zaka zikupita. Kaltuun anachita manyazi kwambiri. Anathamangira kumsasa, koma banjalo linali litasamutsidwa, ndipo palibe ankadziwa uko linalowera.

Ndodo anaithyola. Ali mphunzitsi weniweni, ankalemba mwana aliyense wobwera, mpaka akuluakulu kumudzudzula. Komabe mtima sunakhale pansi.

Patatha zaka zinayi anamuona mtsikana uja pamzere wotunga madzi, kumsasa wina. Anali wamfupibe, timiyendo ngati bango, khanda kumsana.

"Deeqa! Ndiwe? Ndakufunafuna, mwana iwe. Mawa ubwere kusukulu, malo ako alipo. Mng'ono wakoyo umusiyire amayi ako."

Deeqa anamuyang'ana, wosakwiya, wosaseka. Kenako anakweza khandalo pang'ono n'kumangitsa nsalu.

"Si mng'ono wanga, aphunzitsi. Ndi wanga. Wachiwiri. Woyamba sanakhalitse."